Kathumba Kothowera Msana wa a NyaZimba

Pa zonse zimene Linah Sakala anayesa kuti a NyaZimba, mayi ake a chibwenzi chake Bornwell, amukonde, palibe chimene chinagwira. Anawatumizira sopo wonunkhira, sopoyo anakachapira matumba a feteleza. Anawasokera bulauzi ya maluwa ofiira, bulauziyo inakagona pansi pa sutikesi. Mlandu wa Linah unali umodzi wokha, wakuti anabadwira ku Chipata. A NyaZimba ankanena poyera kuti mtsikana wa m'tauni ali ngati mbewu ya chimanga ya m'sitolo, chaka choyamba kukongola, ukaibzalanso chaka chachiwiri n'kukolola mapesi.

Kunena zoona, mayiwo anali naye kale wawo wapamtima. Brenda, mwana wa pakhomo loyandikana nawo kumudzi ku Magodi, ndiye ankawatungira madzi, kuwasesera ndi kuwaphikira. Brenda yemweyo ankagulitsa thobwa pamsewu, ndipo wogula aliyense ankamwera limodzi ndi nkhani yakuti Bornwell wangosochera pang'ono ku boma, adzabwerera.

Linah ankasoka zovala pamsika wa Lundazi, Bornwell akukonza mafoni tsidya lina la msewu. Chikondi chawo chinali chitakula moti anthu a pamsika analeka kuwaseka n'kuyamba kufunsa za tsiku. Koma tsikulo likanalowera pati, mwini mwana atakhala pachitseko?

Kenaka kunabwera kuzizira kwa mu Julaye, msana wa a NyaZimba n'kuuma ngati chikuni.

"Amama sagona," anatero Bornwell tsiku lina masana, atakhala pa benchi ya makasitomala a Linah akusenda mbatata yootcha. "Ku chipatala anawapatsa mapilisi, ati azifunda bwino na kuthowa msana. Manje Brenda amawathowa na tawelo ya madzi otentha, koma sichedwa kuzizila, bulangeti nayo inyowa."

"Brenda," anatero Linah, phazi litaima pa makina. "Dzina limenelo ukalisiya tsiku limodzi ungadwale?"

"Ah, iwe, nikamba za msana."

"Na ine nikamba za msana. Msana umene ugwilidwa na Brenda m'mawa na madzulo."

Bornwell anaseka, Linah sanaseke. Koma nsanje nthawi zina imabereka nzeru. Anakumbukira azakhali ake a ku Chipata, amene ankathowa mawondo awo ndi kathumba ka mpunga wouma kotenthetsa mumphika wopanda madzi, kamene kankasunga kutentha mpaka munthu tulo kumutenga. Tsiku lomwelo anadula nsalu ya kaki yokhuthala, ya thonje lenileni, pakuti ya nayiloni ikanasungunuka pamoto. Anaipinda pawiri, n'kuisoka molimba m'mbali, n'kudutsitsa mizere pakati kuti kathumbako kakhale ndi tizipinda, mpunga usamathawire mbali imodzi. Chipinda chilichonse anachisiyira kampata kothirira. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.

* * *

Loweruka anakwera galimoto mpaka pamphambano, kuchokera apo panjinga ya Bornwell, Linah atakhala chammbali pakaliyala, pepala la mpunga atalimangirira kumbuyo kwake. Njira yonse ankaseka za zii, monga amachitira anthu okondana. Palibe anamva pepala lija likukhudzana ndi tayala. Pofika pakhomo munali mutatsala mpunga wosadzaza dzanja, wina wonse unali phwando la nkhuku za m'njira.

Linah misozi inalengeza m'maso. "Nifike chimanjamanja kwa amama, na kathumba kopanda kanthu? Azati bwanji?"

A NyaZimba anali chigonere m'nyumba, Brenda atapita kuchigayo. Bornwell anamugwira Linah dzanja n'kumukokera kukhitchini.

"Awe! M'khichini ya amama? Sininalowe m'banja muno, iwe. Akamva azati nayamba kale kuvundukula miphika yawo."

Linah sankanama. Kumeneko mtsikana amene kwawo sikunapite munthu wokafunsira mbeta salowa m'khitchini ya apongozi, amakhala pamphasa panja ngati mlendo wina aliyense. Koma Bornwell, monga amuna ambiri, khitchini ankaidziwa ngati malo ochokerako mbale zodzaza basi.

"Azationa ndani? Nkhuku? Nazo zakhuta mpunga wako."

Analowa. Chimanga chinalipo, koma njere zake zikuluzikulu zikanabaya msana wodwala. Mtedza ukanatuluka mafuta n'kupserera. Bornwell anasuzumira kuseri kwa nkhuni n'kutulutsa kamphika kobenthuka kukamwa, kovundikira ndi mbale yakale, pamwamba pali mwala. M'katimo munali mawere ofiira, osakanikirana ndi phulusa.

"Waona? Ni vakale ivi, anaviiwala. Mpaka phulusa linagwelamo."

"Uli shuwa, Bornwell?"

"Shuwa. Ndani angadye vinthu va phulusa? Tiwathandiza kutaya."

Linah anatenga lichero n'kukapeta kuseri kwa khitchini, mphepo n'kutenga phulusa lonse. Njerezo zinali zing'onozing'ono, zouma gwa, zoterera m'manja, ndipo anaona yekha kuti zaposa mpunga umene unatayika. Anadula botolo la pulasitiki pakati n'kuthirira kukamwa kwake, chipinda chilichonse osachidzaza kwambiri, kuti kathumba kazipindika motsata msana. Mawere onse anathera momwemo. Anatseka timipata tija ndi singano, Bornwell n'kubwezera kamphika pamalo pake, mbale ndi mwala pamwamba.

Pambaula Linah anaikapo makala ochepa ndi mphika wouma, n'kumatembenuza kathumbako pang'onopang'ono kuti nsalu isapse. Fungo lokoma la zokazinga linayamba kutuluka. Anakayesa pamkono pake, mbali yofewa ya m'kati, ndipo ataona kuti kakutentha mosawotcha, anakakulunga m'chitenje.

* * *

"Monile, amama," anatero Linah m'Chitumbuka, chilankhulo cha mayiwo, atagwada pakhomo la chipinda.

"Yewo," anayankha a NyaZimba, nkhope ili kukhoma. Chinyanja ankachilankhula ngati chobwereka, ndipo kwa Linah ankachitulutsa mochita kumana.

"Nabweletsa chothowela msana. Sichinyowetsa bulangeti."

"Brenda amanithowa."

"Yesani chabe, amama. Chikakana, nichotsa."

Mayiwo sanavomere, komanso sanakane, ndipo kwa apongozi kusakana n'kuvomera kumene. Linah anayala kathumba kaja m'chiuno mwawo n'kuwafunditsa bulangeti. Kenaka anamva mpweya wautali ukutuluka, mapewa amene anali atakwera m'makutu n'kutsika.

"Muli chani mukati umu?"

"Mpunga, amama," anafulumira Bornwell ataima pakhomo. "Wa ku boma."

Linah anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Akanati mawere, funso lotsatira likanakhala lakuti wawatenga kuti. Bodzalo linaoneka laling'ono kwambiri, losayenera kuonongera tsiku labwino chotere.

"Mpunga wa ku boma," anabwereza mayiwo, maso ali chitsinzinire. "Ununkhila ngati kwathu, pakhomo pa amama wane." Posakhalitsa anayamba kuliza mkonono.

Brenda anafika ufa uli pamutu, n'kupeza mbaula ili panja ndi mlendo pamphasa. Atasuzumira m'nyumba anatuluka milomo itapindika.

"Ndiye mankhwala a ku Chipata amenewa? Kathumba? Tizaona ngati kathumba kamatunga madzi ku mjigo."

Linah anangomwetulira kumwetulira kwa munthu wopambana, ndipo kumwetulira kumeneko anadzakukumbukira pambuyo pake ndi manyazi aakulu.

* * *

Miyezi yotsatira inali yokoma. Kathumba kankalowa mumphika m'mawa ndi madzulo, a NyaZimba n'kuyambanso kuyenda okha kupita kutchalitchi. Bulauzi ya maluwa ofiira inatuluka m'sutikesi. Mameseji a Bornwell akumudzi nawo anasintha kakomedwe.

"Amama ati uja wa kathumba azabwela liti."

"Uja wa kathumba alibe dzina?"

"Yamba walandila limenelo. Dzulo unali uja wa ku Chipata."

Kenaka inabwera nkhani imene Linah anavina nayo yekha kuseri kwa makina. A Haswell, mng'ono wawo wa malemu bambo a Bornwell, anasankhidwa kukhala thenga, munthu wotumidwa kukafunsira mbeta kwa makolo a mkazi. Ulendo wa ku Chipata unaikidwa kuti udzakhale mvula ikangoyamba, misewu isanaipe.

Mvula inagwadi. Mawa lake Bornwell anafika pamsika opanda moni, nkhope itagwa.

"Imika makina. Tiye kuseli."

Anaima pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa mashopu, madzi akudontha m'masamba.

"Mawele aja," anatero Bornwell. "Inali mbeu."

"Mbeu ya chani?"

"Yobzala, Linah! Phulusa lija anathila okha, kuti anankafumbwe asalowe. Ni mbeu imene anapatsidwa na amai awo tsiku limene anachoka kwawo ku Mzimba kubwela ku ukwati. Chaka na chaka amabzala kuseli kwa khola, n'kusungako ina. Mudzi wonse anthu analeka mawele, ni chimanga na fodya chabe. Mtundu uja unatsala m'kamphika kaja basi. Dzulo mvula itagwa anapita kukavundukula."

Linah anagwira mtengo.

"Ali bwanji?"

"Analila monga pa malilo. Ati thobwa ya pa ukwati wanga ikanachokela m'mbeu imeneyo."

"Tingamasule kathumba. Mwina zina zingamele."

"Mbeu yokazinga m'mawa na madzulo kuyambila Julaye? Ungabzale mbuliwuli?"

Linah anaphimba kumaso ndi manja. Ndi manja omwewo anapeta phulusa lija, akudzitama mumtima kuti akuyeretsa zinyalala za apongozi.

"Tiye tikawauze lelo lomwe."

"Yembekeza." Bornwell anayang'ana uku ndi uku. "Saganiza za ise. Aganiza Brenda."

"Brenda?"

"Ni yekha amene amalowa m'khichini. Ndipo agulitsa thobwa. Amama ati anaba mbeu n'kupangila chimela. Anakamba pamaso pa azimai a ku chalichi. Amuthamangitsa, ati asapondenso pakhomo."

"Mayo ine! Ndipo iwe unali pomwepo?"

"Nikanati chani? Kuti mkazi amene nifuna kukwatila analowa m'khichini yawo mobisa n'kukazinga mbeu ya agogo? A Haswell apita Satade ibwelayi, Linah. Tikakamba manje, zonse zatha. Tikhale chete mpaka ukwati upite, pambuyo nizakonza za Brenda."

"Uzakonza bwanji dzina la munthu? Ni foni?"

Bornwell nzeru anali nayo kale, anaiphika usiku wonse. Linah apite kumudzi Lachisanu, anene kuti kathumba kayamba kutha ulusi, akamasule payekha, athiremo mpunga weniweni, mawere aja Bornwell akawataye kuchimbudzi. Umboni ukatha, nkhani yatha.

"Si iwe unalila kuti Brenda achoke pakati pathu?" anamaliza motero. "Wachoka manje."

Mawu amenewo ndiwo anamubaya Linah kuposa onse, chifukwa anali oona. Pansi penipeni pa mtima wake, pamene sakanalola munthu kusuzumira, panali kachimwemwe kakang'ono kakuti mpikisano watha. Anadzida nako kachimwemwe kameneko, koma madzulo ake anakagula mpunga.

* * *

Lachinayi masana, chithunzithunzi cha munthu chinagwera pansalu imene Linah ankasoka. Atadzutsa mutu anaona Brenda, wopanda ndolo, mutu atamanga duku, m'manja muli diresi lopinda.

Linah anakonzeka kulandira mwano. Mwano ukanamupeputsa mtima.

"Nifuna unibwezele m'chiuno dilesi iyi," anatero Brenda mofatsa. "Yakula. Matelala ena onse aniziwa, ayamba kufunsa mafunso."

"Khala pansi."

"Awe, nichedwa. Nipita ku Chipata mawa masana, kuli anthu afuna wantchito wa m'nyumba. Thobwa yanga palibe agula manje. Ana akaniona aimba nyimbo ya mawele. Atate salankhula nane." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Kwanu kuja nikukaona, kumene amama anali kukana."

Linah anatenga tepi n'kumuyeza m'chiuno.

"Linah, ine ninali kukuzonda, sinibisa. Bornwell ninamukonda tikali ku pulaimale. Ninakamba zoipa za iwe pamsewu, zina zabodza. Koma kuba? Amama aja ninawasambika pamene msana unakana. Kamphika kaja ninali kukasesa m'mbali osakagwila, chifukwa niziwa chimene chili kwa iwo." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku. "Uwasamale. Usawaikile kathumba kako kotentha kwambili, sakamba akapsa, amapilila chabe."

Linah anabweza diresilo osakweza maso, ndipo Brenda atafuna kulipira anangopukusa mutu. Mawu anali pamilomo penipeni, koma anamuyang'ana mtsikanayo akudutsa pakati pa matebulo a tomato mpaka kuzimiririka. Mpunga unali m'chikwama, pafupi ndi phazi lake.

* * *

Lachisanu m'mawa anapeza a NyaZimba ali pamphasa pakhonde, atavala bulauzi ya maluwa ofiira. A Haswell anali pampando, chipewa chili pabondo, atabwera kudzamva mawu omaliza a ulendo wa mawa. Bornwell ankapopa njinga imene sinkafuna kupopa.

"Monile mose," anatero Linah atagwada.

"Yewo, yewo, fika mkamwana," anayankha a NyaZimba.

Mkamwana, mkazi wa mwana wawo. Linah anali atalilota dzina limenelo kwa nthawi yaitali, ndipo lero litabwera linamulemera ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi.

"Amama, nabwela kuona kathumba. Ulusi uyenela kuti wayamba kutha."

Mayiwo anakatulutsa kumbuyo kwawo n'kukasisita asanakapereke. Nsalu inali itada m'makona chifukwa cha mphika.

"Aka ndiye kanitonthoza masiku ano. Mbeu ya amama wane yapita, wakuba ninamulela nekha. Koma Chiuta sakutsekela makomo onse. Usiku nikalila, fungo la aka limanigoneka." Anakweza dzanja kuloza kukhitchini. "Mphepo yachuluka pano. Lowa ukasokele m'khichini. Ni yako manje."

A Haswell anaomba m'manja mwaulemu. Bornwell anamuyang'ana Linah n'kugwedeza mutu pang'ono, kuti zonse zikuyenda.

M'khitchini kamphika kobenthuka kaja kanali kovundikirika pansi, pakona. Linah anakhala pachitsa n'kudula ulusi, mawere n'kukhuthukira m'lichero. Sanalinso ofiira. Anali oderako, ena akuda, onunkhira bwino ngati kale. Anatulutsa pepala la mpunga m'chikwama n'kuliika pambali. Ntchito yotsala inali yochepa kwambiri, yosafika nthawi yowiritsa tiyi. Mawa a Haswell akanakwera basi. Masana ano Brenda akanakwera yake.

Mawu a Brenda anamubwerera: usawaikile kotentha kwambili, sakamba akapsa.

Linah ananyamula lichero ndi manja awiri n'kutuluka nalo. Bornwell atamuona pampu inagwa m'manja. Linah anayenda mpaka pamphasa, n'kugwada, n'kuika licherolo patsogolo pa a NyaZimba.

"Amama, Brenda sanabe. Mbeu yanu ni iyi. Mpunga unatayika panjila tsiku lija, ine n'kulowa m'khichini yanu. Ninaona phulusa n'kuyesa ni votaya. Ninapeta na manja anga, n'kuthila m'kathumba. Na lelo ninabwela na mpunga kuti nisinthe mobisa, musaziwe. Nalakwa, amama. Nalakwila inu, nalakwilanso Brenda."

A NyaZimba anatapa njere zingapo n'kuzifikisa pachikhatho. Anazinunkhiza. Imodzi anaiika pa dzino n'kuiluma. Misozi inatsika yokha, nkhope osasintha.

"Miyezi yonse iyi," anatero chapansipansi, "ninali kuotcha amama wane na manja anga, n'kuwagonela." Kenaka anadzutsa mutu. "Mwana wa ku Chipata angaziwe bwanji kuseli kwa nkhuni zanga? Bornwell!"

"Amama."

"Ndiwe unati mpunga. Unaziwa?"

Linah sanatembenuke. Sankakayika. Mwamuna ameneyu anali atamulonjeza kambirimbiri pansi pa mtengo wa mango uja, ndi m'mameseji osawerengeka, kuti moto ukabwera adzapsa limodzi.

"Yayi, amama," anatero Bornwell, maso ali pa tayala la njinga. "Nkhupulika sono. Za mpunga ni zimene ananiuza iye."

Chitumbuka cha Linah chinali chochepa, koma mawu akuti ayi, ndikumva tsopano, anawamva bwinobwino. Anamva ngati pansi pamene anagwada pagumuka.

"Ni zoona?" anafunsa a NyaZimba, tsopano akuyang'ana iye.

Akanati inde, akanakhala wakuba ndi wabodza yekha, atangotsuka kumene pakamwa. Akanati ayi, akanakhala mtsikana wa m'tauni amene wayalutsa mwana pamaso pa mayi ake ndi bambo ake aang'ono.

"Ine nakamba zanga, amama. Zake mufunseni kawili."

A NyaZimba anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Bornwell sanadzutse mutu. A Haswell anatenga chipewa pabondo n'kuchivala, ndipo aliyense anadziwa tanthauzo lake asanamve mawu.

"Alamu, ulendo wa ku Chipata uyambe waima," anatero mayiwo. "Iwe Bornwell, kwela njinga. Brenda ali pamphambano ayembekeza galimoto. Ukamutenge wekha. Ninamutukwana pamaso pa anthu, nizamupepesa pamaso pa anthu."

Bornwell anapalasa osacheuka. A Haswell anatsazika mwachidule n'kulowera njira ya kwawo. A NyaZimba anayesa kudzuka, koma msana unawagwira pakati, n'kubwerera pamphasa ndi kubuula kumene anayesa kukubisa. Linah anatambasula dzanja kuti awagwire, iwo n'kulikankha.

"Mpunga uja uli nawo?"

"Ulipo, amama."

"Thila. Sokela pompano, nizikuona. Ndipo usayese kuti nakhululuka. Ni msana chabe."

Linah anathira mpunga chipinda ndi chipinda, mayiwo akuyang'ana njere iliyonse. Misozi inkagwera pansalu, iye n'kumaipukuta msanga kuti mpunga usanyowe. Mtima unali utapepuka mbali imodzi, mbali inayo ukuwawa kuposa mmene unkawawira m'mawa. Akumanga mfundo yomaliza anamva belu la njinga.

Bornwell analowa pabwalo, chikwama cha Brenda chili pa handulo. Brenda anali pakaliyala chammbali, atavala diresi lija Linah anabweza m'chiuno, dzanja lake litazungulira mimba ya Bornwell. Njira ya ku Magodi ndi ya mabampu, munthu amayenera kugwira penapake, koma njinga itaima dzanjalo silinafulumire kuchoka.

"Brenda, mwana wane, nakulakwila," anatero a NyaZimba. "Pa Sande nizaima m'chalichi. Manje tenga kathumba aka kwa mlendo, ukanitenthesele."

M'mawa anali mkamwana, dzuwa lisanafike pamutu wasanduka mlendo. Linah anapereka kathumbako ndi manja awiri. Anafuna maso a Bornwell, koma Bornwell anali atapezanso chokonza pa tcheni cha njinga.

Brenda anawerama polandira, nkhope yake pafupi ndi khutu la Linah.

"Zikomo poniyeletsa dzina, sinizaiwala," ananong'ona. "Koma ku Chipata sinipitanso."

Anaweramuka, n'kulowa m'khitchini osapempha.